Zaka Ziwiri za a Mailosi

Sabata yatha tamanga chiliza pamanda a agogo anga a Mailosi, ndipo mmisiri wake wachimanga chopendama. Ine ndinamuuza pomwepo kuti aise, uzigona ndi diso limodzi, mwini wakeyu adzuka ndi chingwe kudzakuyeza. Anthu anaseka, agogo aakazi a Nambewe anandigenda ndi chibuma. Koma poti chaka chatha chitisiyire munthuyu, ndati ndinene za iye msanga ndisanamuthire mchere wambiri. Pajatu ine pamudzi pano amanditchula Lasitiki. Dzinali anandipatsa ndi agogo a Mailosi omwewo, ati nkhani ikalowa mkamwa mwanga imatuluka itatamuka. Njoka yotalika mkono umodzi ine ndimaiyambira pachigayo n'kukaithera pamjigo. Ndiye mukamamva izi muzichotsako nokha pang'ono. Koma pa za zaka ziwiri zija musachotsepo kanthu. Pamenepo sindinakoke.

Dzina lawo la ubatizo linali Zakeyu Phiri, koma mukanafunsa dzina limenelo pamsika wa Mitundu akanakulozerani kumanda kwina. Onse ankangoti a Mailosi. Kwawo kunali ku Nathenje, kuno anabwera chikamwini. Ali mnyamata anagwira ntchito kwa mzungu wa esiteti ya fodya, kumukokera tcheni poyeza minda, kenako anakhala kapitawo wogawa ndime. Kumeneko ndi kumene anatengako matenda awo.

Matendawo anali akuti anamvetsera mmene azungu amalankhulira, basi mtima n'kukhala komweko. Ankati mzungu ukamufunsa kuti tauni ili pati, sakutukulira mlomo ngati akufuna kupsompsona mphepo ayi. Amakuuza mamailosi ake, n'kuwonjezera kuti pagalimoto utenga ola limodzi. Ukamufunsa kuti wakhala kuno nthawi yayitali bwanji, amatchula zaka. Thabwa kwa iye si lalitali kapena lalifupi, ndi mafiti sikisi. Mvula siinagwe kwambiri, inagwa kwa maola awiri. Ngakhale khanda, ati likangobadwa amaligoneka n'kuliyeza ngati nsalu ya kwa mmwenye. Ankati mawu a mzungu amayenda ndi tepi m'thumba, pomwe “pompano” wathuyu utha kutereka nyemba zouma, kupsa, kudya, kutsuka mbale, iye asanafikebe. Akamaliza pamenepo ankamenya bondo n'kunena kuti n'chifukwa chake dzikoli silikupita patsogolo.

Tsono inu mukudziwa mwambo wathu. Wapaulendo akaima n'kufunsa kuti ku Nathenje kwatsala patali bwanji, timati ndi pafupi pompa, mukangowoloka dambo ilo mwafika. Aliyense amadziwa kuti kuseri kwa dambolo kuli madambo ena anayi. Koma si bodza limenelo, ndi kamba. Umamupatsa munthu kuti miyendo isafooke. Agogo mwambo umenewu ankadana nawo kuposa anankafumbwe.

Tsiku lina kunadutsa mayi wina, mwana kumbuyo, mtolo pamutu. A Nambewe anamupatsa madzi n'kumuuza kuti asadandaule, ndi pafupi. Agogo anatulukira kuseri kwa nkhokwe ngati awaitana.

“Mayi, musanamizidwe. Wapansi ndi maola asanu. Ndi katundu wanuyo, sikisi.”

Mayi uja anangotula mtolo, kukhala pansi, kuyamba kulira. Mapeto ake anagona pakhomo pompo, ndipo poti anali mlendo, nkhuku inafa. Ine ndimati anakhala milungu itatu n'kulima nawo munda, koma chotsaniko. M'mawa mwake a Nambewe anawaonetsa agogo nthenga zili mbwee kuseri kwa nyumba.

“Mwaona, a Phiri? Chilungamo chanu chadya thadzi langa.”

“Koma wanyamuka akudziwa kumene akupita.”

“Dzulonso ankadziwa. Akanakhala atafika.”

Anthu awiriwa anakangana za nkhani imodzi yomweyi moyo wawo wonse. A Nambewe nawonso anawadziwa azungu, ankachapa zovala kwa dona wa pa esiteti ija. Iwo ankati dona akati “faifi minitsi” n'kulowa m'nyumba, iwe khala pansi uyamwitse mwana, chifukwa atuluka mthunzi utatembenuka. Ankati azungu anuwo nawonso amanama, kungoti amanama ndi nambala. Agogo ankayankha kuti wotchi ya donayo inali yakufa. Zaka zonsezo, wotchi yakufa yomweyo.

Ine ndinkapezerapo mwayi. Ndinkati, “Akazi anga a Nambewe, asiyeni madalawa, tiyeni tithawe tonse, ine sindiwerenga maminitsi.” Agogo ankandiloza ndi ndodo: “Iwe Lasitiki, mkazi wangayu ungamudyetse chiyani? Mabodza?” Kenako ankandifunsa kuti njoka ija lero yafika mafiti angati.

Choseketsa n'chakuti munthu wochenjera chonchi anali wosavuta kumupusitsa. Unkangofunika kutchula nambala. Makondakitala a pa Nathenje anawatulukira msanga. Akati, “Kwerani madala, yopitapita, tikunyamuka pompano,” agogo ankaima n'kufunsa kuti pompano ndi maminitsi angati. Mnyamata ankangoti, “Thu minitsi, madala.” Basi agogo ankakwera mtima uli phee, n'kukhala m'minibasi yosayenda mpaka matako kuchita dzanzi, akumuyamikira mnyamatayo kuti ndi wophunzira.

Nthawi ya kampeni, matipate atangoyamba kumene, kunabwera anthu awiri ofuna mpando. Onse analonjeza mlatho pamtsinje wathu. Woyamba anati ubwera posachedwa. Agogo anaimirira pakati pa msonkhano kufunsa kuti posachedwa ndi liti, anyamata a chipani n'kuwakhazika pansi. Wachiwiri, amene ndikuganiza kuti wina anamutsina khutu, anati pakatha miyezi sikisi tiziwoloka nsapato zili kuphazi. Agogo anamuyendera kampeni munthu uja khomo ndi khomo, osalandira ngakhale chitenje. Mpaka lero tikuwoloka pa mitengo iwiri. Ndikawaseka ankati mwina sananene kuti ayamba kuwerenga liti.

Ndipo tsiku limene anamwalira, adzukulu okumba manda anabwera ndi bango, monga mwa mwambo, kuwayeza kuyambira kumutu mpaka kuphazi, n'kulidula. Palibe anatchula mafiti. Ine ndinaima pamenepo kudikira kuti mwina adzuka afunse. Sanadzuke. Manda anakwana bwinobwino.

Koma ndadumpha. Ndibwerere kwa amalume a Levisoni, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo.

Amalume anali mzime wa agogo, ndiponso mwana wamwamuna yekhayo. Analimako fodya pa esiteti ngati tenanti, zaka zingapo, n'kumabwerako ndi chifuwa chokha. Chaka chotsatira chisankho chija anyamata ambiri anayamba kulowera ku Joni, nawonso anati apite. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa lija loswa mtengo. Tinawaperekeza pangolo mpaka pa Nathenje, pomwe anagwirizana ndi dalaivala wa thiraki. A Nambewe anawamangira mtedza wokazinga pakansalu, n'kuwagwira dzanja osafuna kulisiya.

“Levi, ubwera liti, mwana wanga?”

“Sindichedwa, amayi. Ndikangoona mmene zinthu zilili, ndibwera.”

Amenewo ndiwo mawu ake. Aliyense wochoka pamudzi amanena amenewo, ndipo aliyense wotsala amawalandira. Koma agogo anali pomwepo, chipewa chili pamphumi.

“Sindichedwa ndi miyezi ingati?”

“Aa, bambo.”

“Usandiuze za aa. Kumene ukupitako kuli azungu, uyambiretu pano kulankhula ngati munthu wodziwa chimene akuchita. Zaka zingati?”

“A Phiri, musiyeni mwana,” anatero a Nambewe. “Galimoto ikudikira.”

Dalaivala analiza hutala. Amalume anayang'ana pansi. “Ziwiri, bambo.”

“Sindinamve.”

“Thu yiyazi!”

“Ehe! Ndiye ubwera ndi chiyani?”

Ine ndinawaona amalume akuponya maso uku ndi uku ngati mwana wa sukulu wofuna kuonera yankho. Kutsidya kwa msewu kunali golosale yofolera kumene, denga likuthobwa m'maso. Anangoti, “Malata.”

Agogo anatembenuka n'kuitana mboni. Mayi wogulitsa tomato, mnyamata wa tchipisi, kondakitala wina amene ankangodutsa, onse. “Mwamva nonse? Uyu ndi mwana wanga. Zaka ziwiri, mwezi ngati uno, abwera ndi malata. Awa ndiwo malankhulidwe!” Anawagwira chanza amalume mwamphamvu, nkhope ili ngwee. Sindinawaonepo atanyada chonchija. Musaganize kuti inali nkhanza. Iwo ankaona ngati amumangirira mwana chingwe m'chiuno choti adzabwerere nacho.

Chaka choyamba agogo anaumba njerwa, kuotcha, kumanga nyumba ya zipinda zitatu pafupi ndi yakale. Anayeza denga ndi chingwe chawo chija cha mfundo, chimene anachoka nacho ku esiteti, n'kulengeza kuti pafunika malata a mafiti teni. Anadula mabulugamu, kuwasenda, kukhoma mitanda pamwamba. Nyumba inangotsala kuvala chipewa.

Chilimwe chachiwiri, amayi onse ali kalikiliki kumweta udzu, a Nambewe anatenga chikwakwa kuti nawonso akamwete wofolerera nyumba yakale, poti denga linali litatha. Agogo anawalanda chikwakwacho.

“Udzu wa chiyani? Mvula ikamadzagwa ife tili m'malata.”

“Nanga akachedwa?”

“Ananena yekha. Pamaso pa anthu.”

“Munamufinya pakhosi ndinu.”

Sanamwete. Pofika nthawi imene anthu amatentha tchire, udzu wonse unapsa. Mwezi uja utakwana agogo anavala jekete la kutchalitchi, kukwera njinga, ulendo ku Nathenje. Anakhala pamwala pafupi ndi siteji kuyang'ana thiraki iliyonse yochokera ku Dedza. Anabwerako okha. Anati kumalire kumakhala mzere wautali. Anapitanso sabata yotsatira, ndi inzake. Mayi wa tomato uja anayamba kuwasungira mpando.

Kenako mvula inabwera, ndipo inali mvula ya mkwiyo. Nyumba yakale inadontha ngati sefa. Ine ndimauza anthu kuti m'chipinda mwa agogo tinagwiramo milamba iwiri ndi nkhanu, koma zoona zake n'zakuti ufa unanyowa, mphasa zinachita nkhungu, ndipo a Nambewe anayamba chifuwa chimene anakhala nacho mpaka Epulo. Pamenepo nyumba yanjerwa ili poteropo, yopanda denga, madzi ali thoo m'zipinda zonse zitatu, achule akuchitiramo kwaya.

Mudzi suchedwa. Munthu akachedwa kumunda ankati akubwera ndi malata a Levi. Mkazi akadikira mwamuna wopita kumowa, malata a Levi. Mawuwo anafika pamsika wa Mitundu, anakwera minibasi, anafika pa Nathenje. Ndipo mawu oterowo safuna pasipoti.

Agogo anauma. Anasiya kupita kusiteji, anasiyanso kutchula dzina la amalume. Tsiku lina pamaliro, amuna atakhala pamthunzi, wina anawafunsa mwachipongwe kuti kodi thu yiyazi ya ku Joni imatalika bwanji. Iwo anayankha kuti munthu wophonya tsiku limene anatchula yekha ndi wabodza, ndipo iwo mwana wabodza alibe. Mawu amenewonso anawoloka malire.

Zinadutsa zaka zina zitatu pamwamba pa ziwiri zija, kopanda uthenga. Kenako kunatulukira munthu wina dzina lake Faisoni, wa ku Diamphwe, amene ankapita ku Joni ndi kubwera. Anafika masana ndi kabulangete kopyapyala m'jumbo, ati kachokera kwa Levisoni, n'ka amayi ake. A Nambewe anakafungatira ngati khanda. Agogo anakhala pampando wawo chakumbali, akusema mpini ndi kasemasema, ngati nkhaniyo si yawo.

“Ali moyo?” anafunsa a Nambewe.

“Ali moyo, mayi. Amagwira m'magadeni mwa azungu, lero apa, mawa apo. Chaka chachiwiri chija anali atasungako ndalama ndithu, koma anyamata a mipeni anamulanda zonse pa siteshoni.”

“Nanga osabwera bwanji? Ife tikufuna malata kapena munthu?”

Faisoni anayang'ana kwa agogo, n'kutsitsa mawu, koma osati kwambiri. “Ndinamuuza kuti tiye kumudzi. Anati, ndikafike bwanji? Madala anaika tsiku pamaso pa anthu, tsikulo linapita. Ndamva kuti amayi ananyowa chaka chonse chifukwa cha ine. Ndamva kuti dzina langa ndi nyimbo pamsika. Ndamvanso kuti madala alibe mwana.”

Kasemasema anasiya kulira. A Nambewe anaimirira, kabulangete kali m'manja, n'kupita kukaima patsogolo pa amuna awo. Sanakweze mawu. Bola akanakweza.

“A Phiri, mwana uja anati sindichedwa. Mawu amenewo alibe chitseko. Akanabwera chaka chilichonse, ndi katundu kapena chimanjamanja, ife tikanati wafika, sunachedwe, khala pansi. Inu munamuveka tsiku pakhosi ngati goli, n'kuitana ogulitsa tomato kuti aonerere. Azungu anuwo akatchula tsiku amakhala ali ndi tikiti m'thumba. Wanga uja anali ndi mtedza.”

Ndinadikira za wotchi yakufa. Sizinabwere. Agogo anaika kasemasema pansi, kulowa m'nyumba yopanda denga ija, n'kukhala pa njerwa mpaka dzuwa kupendeka.

Patapita masiku angapo anandiitanira komweko. Ndinawapeza atagwira chingwe cha mfundo chija, akungochipota.

“Iwe Lasitiki, khala apa. Umatani kuti chinthu chachifupi chitalike?”

“Ii, agogo, mwabwera kudzalembetsa sukulu yanga? Fizi yake ndi a Nambewe.”

Sanaseke. “Faisoni akubwerera Loweruka. Ndikufuna mawu oti atenge. Anga onse ndi owongoka, sangamubweretse. Ndibwereke pakamwa pakopo.”

Ndinayesetsa, anthuni. Ndinati timuuze kuti nyumba tinafolera kale, malata anagwa ndi kamvuluvulu kuchokera ku esiteti. Anati akadzafika adzaona. Ndinati timuuze kuti mwadwala mwakayakaya. Anati kumeneko n'kudziitanira. Ndinati timuuze kuti munaiwala zonse, ukalamba. Anandiyang'ana n'kunena kuti mwana wawo amawadziwa, akhoza kukhulupirira kuti ng'ombe yaikira dzira koma osati zimenezo. Mabodza anga onse anawayeza ndi chingwe n'kuwapeza operewera. Pomaliza anandithamangitsa, ati ndine lasitiki wakutha.

Loweruka Faisoni anadutsa kudzatsanzika. A Nambewe anamupatsa ufa pang'ono ndi mtedza woti akapereke. Agogo anavala chipewa n'kumuperekeza mpaka pamphambano, ife tikutsatira pambuyo. Pamenepo anaima.

“Faisoni. Ukamuuze Levisoni kuti zaka ziwiri zija sizinakwane.”

Faisoni anaseka pang'ono, akuganiza kuti ndi nthabwala. “Koma madala, zadutsa zisanu.”

“Wowerenga ndani, iwe kapena ine? Tcheni cha mzungu unakoka ndiwe? Pamudzi pano aliyense akudziwa kuti Mailosi saphonya. Ndawerenganso, ndapeza kuti ndinalakwitsa. Sizinakwane. Abwere, sanachedwe. Kwatsala pang'ono.”

Pakamwa pangapa simupadziwa inu. Panatseguka pokha. “Agogo, pang'ono ndi miyezi ingati?”

Anandiyang'ana nthawi yayitali, milomo ikunjenjemera ngati nambala ikufuna kutuluka yokha, iwo akuikaniza ndi mano.

“Pang'ono basi,” anatero.

A Nambewe anatembenuka n'kuyamba kukonza duku limene linali lokonzeka kale.

Kuyambira tsiku limenelo agogo anayambiranso kutchula dzina la amalume. Wina akanena za malata a Levi, ankayankha kuti eya, akubwera, nthawi yake sinakwane. Anthu ankayang'anana n'kumati ukalamba wafika. Sunali ukalamba. Munthu uja ankadziwa tsiku, mwezi ndi chaka kuposa wailesi. Ankangonyamula bodza lake limodzilo mosamala, ngati munthu wosazolowera kusenza madzi pamutu.

Miyendo inayamba kutupa dzinja lotsatira. Mpweya unkavuta. Tinawatengera kuchipatala cha mishoni ku Nkhoma, ndipo mwamwayi wawo dokotala anali mzungu. Agogo anakonza kolala, kuyankha mafunso onse m'Chingerezi chawo cha ku esiteti, akutchula kuti kutupa kwakhala milungu ingati, chifuwa masiku angati, dokotala akungogwedeza mutu mosangalala. Atawapima, dokotala uja anakhala pansi n'kulankhula ndi namwino motsitsa. Namwino anati adokotala akufunsa ngati bambo akufuna kudziwa mmene zinthu zilili, ndi nthawi imene yatsala. Ine ndinati basi, lero a Mailosi akumana ndi mnzawo, apatsidwa nambala yeniyeni yochokera kwa eni ake.

Agogo anakweza dzanja.

“Muwauze adokotala zikomo. Koma asatchule. Ine nambala ndikaimva ndimaisunga, ndiye ndingafe pa tsiku lakelo. Ndili ndi mlendo amene ndikumudikira.”

Pobwerera tinatsika minibasi pa Nathenje n'kukwera ngolo ya munthu wina. Msewu umenewo anauyenda moyo wawo wonse, ankadziwa chulu chilichonse. Koma titadutsa dambo loyamba anatsegula maso n'kundifunsa kuti kwatsala patali bwanji. Ndinati ndi pafupi pompa, agogo, tikangowoloka apo tafika. Anati eya, n'kutsekanso maso.

Anapirira mpaka nyengo yozizira. Anthu atakolola, iwo anapita.

Amalume anafika titameta kale. Tinangomva ana akukuwa kuti kukubwera ngolo yonyezimira. Inali ngolo ya hayala yochokera ku Mitundu, pamwamba pake malata angapo omanga ndi linya, pambali pake munthu wowonda, wa imvi za m'mbali, atavala jekete lalikulu. Anayenda akumwetulira mpaka pamene anaona mutu wa amayi ake uli mbee. Anaima pomwepo. Ng'ombe zinapitirira zokha mpaka pakhomo.

Atalira, atapita kumanda n'kubwerako, anakhala pakhonde n'kufotokoza. Faisoni anawapeza ndithu, ndipo uthenga anaupereka monga anaulandirira. Amalume ati atamva analira ngati mwana, chifukwa anadziwa kuti bambo awo anena bodza chifukwa cha iwo. Akananyamuka sabata yomweyo. “Koma ndinati, poti madala akuti nthawi ilipo, ndigwireko miyezi ingapo, ndisafike manja ali m'thumba. Ndipezeko ngakhale malata a chipinda chimodzi, chawocho.”

A Nambewe, amene anapambana mkangano wa moyo wonse pamphambano paja, anangoyang'ana malata aja. Nambala inamuthamangitsa mwana, kusowa kwa nambala kunamuchedwetsa. Sindinawamvenso akunena za dona ndi faifi minitsi yake.

Madzulo ake amalume anandikokera pambali. “Mphwanga, undiuze zoona. Anandidikira nthawi yayitali?”

Ine Lasitiki, amene sindinafupikitsepo nkhani chibadwire, ndinati, “Pang'ono pokha, amalume.”

Amalume ali pamudzi pano tsopano, akulima dimba. Malata aja anawalowetsa m'nyumba yanjerwa n'kuwatsamiritsa kukhoma. Sakwana denga lonse, ndipo mitanda ya bulugamu ija inafumbwa kalekale, yofunika ina. Chaka chino tikuti tifolera, chaka chino tikuti tifolera. M'chipinda chimene chikanakhala cha agogo mwamera maungu, ayanga mpaka pawindo. Mphepo ikawomba malata amalira pang'ono, nkhuku n'kuthawa. Chingwe cha mfundo chija a Nambewe akumangira mbuzi.

Mpando wa agogo ukadali pakhonde la nyumba yakale, mwendo umodzi wamfupi, wochirikiza ndi kachidutswa ka njerwa kamene anakasema okha kuti ukhale wolingana. Dzulo kunadutsa bambo wina akukankha njinga yophulika tayala, thukuta lili kamukamu. Anaima n'kufunsa kuti ku Nathenje kwatsala patali bwanji. A Nambewe anamupatsa madzi. Anatsegula pakamwa, kenako anacheuka kuyang'ana kuseri kwa nkhokwe, n'kudikira kaye pang'ono.

Sikunatuluke munthu.

“Ndi pafupi, bambo,” anatero. “Mukangowoloka dambo ilo.”